ZA NZERU ZA MAKONO: Mpweya Umene Uona Zobisika kwa Maso

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Mau amenewa ayenerana kwambiri ndi ceza camphamvu cimene cituluka m'miyala ina ya pansi pa nthaka ndi m'makina ena a m'zipatala, cimene pa Cingelezi acicha radiation. Ceza cimeneci ciribe fungo, ciribe maonekedwe, sicimveka m'makutu, ndipo khungu silimva kanthu pamene ico ciri kulowa m'thupi. Cikapatsidwa kwa wodwala pa muyeso wake cimaononga cotupa ca khansa, koma cikapyola muyeso cimapha ngakhale munthu wathanzi. Cotero funso limene danga lino lifuna kuyankha mlungu uno ndi ili: kodi cinthu cosaoneka anthu amacipima bwanji?

Amacipima ndi mpweya wotsekeredwa m'kacitini, pamodzi ndi kawaya ka magetsi. Ziwiya za mtundu umenewu ziri pa nchito mumzinda wa Lusaka, ndipo miyoyo ya odwala ocokera ku Lundazi, Petauke ndi Chadiza idalira pa izo. Ku maiko a kutsidya kwa nyanja kuli zinzake zazikulu, zimene akatswiri afufuzira nazo maatomu acilendo amene amabadwa ndi kufa munthu asanaphethire. Zazing'ono ndi zazikulu zomwe ndi za banja limodzi, ndipo wodziwa kagwiridwe ka nchito ka cimodzi sadzavutika kumva za cinzake.

ATOMU NDI MTIMA WAKE

Cinthu ciriconse, kaya ndi khasu, madzi, mcere kapena thupi la munthu, cinamangidwa ndi tizidutswa tating'onoting'ono tochedwa maatomu. M'caka ca 1911 katswiri wina wobadwira ku New Zealand, Ernest Rutherford, amene anali kugwira nchito ku Manchester m'dziko la England, anaonetsa kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli pakati pake, m'kamtima kakang'ono koposa. Atomu ikanakula kufika pa bwalo la mpira la Woodlands, mtima wake ukanakhala ngati njere imodzi ya mawere pakati pa bwalolo. Kunja kwa mtimawo kuzungulira tinthu tina topepuka tochedwa ma electron, timene tinyamula mphamvu ya magetsi.

M'kamtimamo muli mitundu iwiri ya tizidutswa, ma proton ndi ma neutron. Kuculuka kwa ma proton ndiko kumene kupatsa cinthu dzina lake: citsulo ciri nao 26, mkuwa 29, uranium 92. Ma neutron ndiwo athandiza kuti mtimawo ugwirane. Akakhala pa muyeso woyenera, atomu imakhala cikhalire kwa zaka zosawerengeka. Akaculukitsa kapena akacepetsa, mtimawo sukhazikika, ndipo pa nthawi yake umasandulika, nuponya kunja kacidutswa kothamanga kwambiri kapena ceza. Uko ndiko kucokera radiation ya m'miyala. Makina ena a m'cipatala apanga ceza cofanana naco pogwiritsa nchito magetsi.

MPWEYA NDIWO MBONI

Mlenje wanzeru sacita kuona nyama kuti adziwe kuti inadutsa pamalo. Mapazi ake ndi udzu wogonekedwa zimamuuza zonse. Kacidutswa kothamanga nakonso kamasiya mapazi. Pamene kabooleza mpweya, kamagunda maatomu a mpweyawo ndi kuwathothola ma electron m'njira monse. Kacidutswa kamodzi ka mtundu wochedwa alpha kamayenda masentimita 4 cabe mumpweya wamba, koma pa kaulendo kakafupi kameneka kamathothola ma electron oposa 100,000. Ngati pafupi pali waya wokhala ndi magetsi, wayayo imakoka ma electron onsewo, ndipo m'menemo mumayenda kamphamvu kakang'ono kamene kakhoza kupimidwa.

Rutherford ndi mnzake wa ku Germany, Hans Geiger, anayamba kuwerenga tizidutswa m'njira imeneyi mu 1908. Mu 1928, mumzinda wa Kiel, Geiger ndi wophunzira wake Walther Müller anakonza ciwiya cimene cichuka kufikira lero ndi dzina lakuti Geiger counter. Ndi kacitini kotsekeka, kodzazidwa ndi mpweya monga neon kapena argon, ndipo pakati pake padutsa kawaya ka magetsi oposa a m'nyumba kawiri kapena katatu. Electron imodzi yothamangira ku wayayo imathothola inzake, inzakeyo nithothola ena, monga mmene kambaliwali kamodzi kayatsira dambo lonse m'mwezi wa October. Motero kacidutswa kamodzi kokha kamabala kulira kumodzi komveka bwino, kwakuti "the!" ngati cimanga cokazinga m'phale.

Owerenga adziwe kuti ciwiyaci cimalira paliponse. Cikayatsidwa pa Cairo Road, m'dimba la ku Kabulonga kapena pakhonde la nyumba ku Katete, cimalira mwa apo ndi apo, cifukwa nthaka, miyala, thambo, ngakhale nthoci zimene anthu adya ziri ndi ceza pang'ono cacibadwa. Ceza cocepa cotere anthu akhala naco ciyambire makolo. Cimene akatswiri achera khutu ndi pamene kulirako kwasanduka ngati matalala pa denga la malata.

KU CIPATALA CA KHANSA

Pa msewu wa Nationalist, pakati pa Kabwata ndi Woodlands, pali cipatala cacikulu ca UTH, ndipo pambali pake pali Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa ndi Mtsogoleri wa dziko Levy Mwanawasa m'caka ca 2007. Cisanamangidwe cipatalaci, wodwala wofunika cithandizo ca ceza anali kutumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo ambiri sanali kupeza mwai wotere. Pakati pa amai a m'Zambia, khansa imene ivutitsa koposa ndi ya khomo la cibelekero, ndipo ceza ndico cimodzi ca zida zazikulu zolimbana nayo.

Cipatalaci cinayamba ndi makina a mitundu iwiri yoombera ceza kucokera kunja kwa thupi: ena opanga ceza ndi magetsi, ndi ena okhala ndi kacitsulo kochedwa cobalt-60. Mphamvu ya cobalt-60 imacepa ndi theka pa zaka 5 ndi miyezi 3 iriyonse, ndiko kuti pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 mwezi uliwonse. Cotero muyeso wa caka catha sungagwirenso nchito caka cino. Makina a magetsi naonso akhoza kusintha pang'ono kaponyedwe kao. Lamulo la akatswiri a dziko lonse lapansi ndi lakuti ceza cofika pa cotupa cisasiyane ndi cimene dotolo walemba kupyola magawo 5 pa 100. Cikacepa, khansa imaphukanso. Cikaculuka, minofu yabwino imapsa.

Amene atsimikiza muyesowu ndi katswiri wochedwa medical physicist, ndipo cida cake ndi kaciwiya kooneka ngati pensulo. Kunsonga kwake kuli kacipinda kakang'ono ngati nsawa imodzi, ndipo m'kacipindamo muli mpweya wamba, womwewu umene anthu apuma. Iye amamiza kaciwiyako m'bokosi la madzi, cifukwa madzi amamwa ceza monga mmene thupi la munthu licitira, nayatsa makina, nawerenga magetsi amene mpweyawo wapereka.

Apa pali msampha umene wosaphunzira sangauone. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa kumtunda kotere ndi wopepuka ndi gawo limodzi pa magawo 7 poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanjayo. Mpweya ukacepa m'kacipinda, ma electron othotholedwa nao amacepa, ndipo kaciwiyako kamaonetsa nambala yocepa ndi magawo 14 pa 100. Munthu wongokhulupirira nambalayo akhoza kuganiza kuti makina afooka, naonjezera nthawi, ndipo wodwala aliyense akhoza kulandira ceza copyola kutali malire aja a magawo 5. Ndico cifukwa cake katswiriyo amayamba wapima kutentha ndi kulemera kwa mpweya wa tsikulo, kenaka nakonza nambala yake ndi masamu. Mai wocokera ku Chama amene wagona pansi pa makinawo sadziwa kuti masamuwo anacitika, koma kucira kwake kuli pa iwo.

Acibale a odwala amvenso ici: munthu woombedwa ndi ceza cocokera m'makina a kunja kwa thupi sanyamula cezaco pobwerera kwao. Akhoza kudyera mbale imodzi ndi anzake ndi kunyamula adzukulu ake popanda coopsa ciriconse.

ZITSULO ZOTOLA

Coopsa ceniceni ciri pa zitsulo za ceza zimene zatayika. M'mwezi wa September 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, anthu awiri otola zitsulo anatenga mutu wa makina a khansa m'cipatala cosiyidwa. Ataugumula, munapezeka ufa wowala mobiriwira usiku, wochedwa caesium-137, ndipo wogula zitsuloyo anagawirako acibale ndi anansi ngati cinthu camtengo wapatali. Anthu 4 anamwalira, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6. Anthu pafupifupi 112,000 anapimidwa ndi ziwiya zopimira ceza, ndipo 249 anapezeka ndi ufawo pathupi kapena m'thupi.

Malonda a zitsulo zakale ali ponseponse m'Lusaka ndi m'matauni ena, ndipo acinyamata ambiri apezerapo ndalama. Kuyambira mu 1972 dziko la Zambia liri ndi lamulo loyang'anira ceza, ndipo lamulo latsopano la 2005 linakhazikitsa bungwe la Radiation Protection Authority, limene lipereka zilolezo kwa zipatala, migodi ndi makampani osunga zida za ceza, ndi kuyendera malo amenewo. Cizindikiro ca ceza ndi masamba atatu ozungulira kadontho, ojambulidwa pa cikasu. Wopeza citsulo colemera modabwitsa cokhala ndi cizindikiro cimeneci asacigwire, asacigumule, asapite naco kunyumba. Atalikire, acenjeze anzake, nauze apolisi kapena bungwe lija. Safunsa anadya phula.

MAATOMU A MOYO WAUFUPI

Cobalt-60 ndi caesium-137 ndi maatomu osakhazikika amene akhala zaka. Alipo ena ambiri amene moyo wao sufika ngakhale sekondi imodzi. Mitundu ya mitima ya maatomu yokhazikika iri pafupifupi 250 cabe, koma akatswiri apeza kale mitundu yoposa 3,000, ndipo masamu ao aonetsa kuti yonse ikhoza kufika 7,000. Yambiri ya iyo sipezeka m'nthaka kapena m'madzi, cifukwa inatha kalekale. Wofuna kuiphunzira ayenera kuipanga yekha ndi kuipima nthawi yomweyo.

Nchito imeneyi icitika m'malo owerengeka. Ku CERN, pafupi ndi Geneva, makina ochedwa ISOLDE anayamba mu 1967. Ku Caen m'dziko la France kuli GANIL, ku Vancouver m'dziko la Canada kuli TRIUMF, ndipo ku Michigan State University ku America anatsegula FRIB m'mwezi wa May 2022. Ku FRIB amathamangitsa maatomu olemera kufika theka la liwiro la kuwala ndi kuwaombetsa pa gudumu la makala a graphite. Maatomuwo amasweka m'zidutswa zamitundumitundu, ndipo maginito akuluakulu amapeta zidutswazo monga mai apetera mphale pa licero, kufikira patsala mtundu umodzi wofunidwa. Mzere wa maatomu acilendo wotulukawo ndiwo uchedwa exotic beam.

Citsanzo cochuka ndi lithium-11. Lithium wamba, amene ali m'mabatire a mafoni, ali ndi ma proton 3 ndi ma neutron 4 kawirikawiri. Lithium-11 ali ndi ma neutron 8, ndipo theka la maatomu ake limatha sekondi isanakwane gawo limodzi pa magawo 100. Mu 1985, ku Berkeley ku America, katswiri wa ku Japan Isao Tanihata ndi anzake anapeza kuti mtima wa atomu imeneyi ndi waukulu modabwitsa. Ma neutron ake awiri amayendayenda kutali ndi anzao ngati nkhungu, kotero kuti atomu yopepukayi ilingana m'kukula ndi mtima wa mtovu, umene uli wolemera kuiposa nthawi pafupifupi 19. Codabwitsa cina ndi cakuti neutron imodzi mwa awiriwo ikacotsedwa, inzake nayo imathawa. Zitatuzo, phata ndi ma neutron awiri, ziri ngati mafuwa: kucotsapo limodzi, mphika wagwa.

CANDAMALE NDI MBONI PAMODZI

Kuti adziwe za m'kati mwa mtima wa atomu, akatswiri amaugunditsa ndi wina ndi kuona kumene zidutswa zathawira. Atomu yokhazikika amaiika ngati candamale ndi kuilasa. Atomu ya moyo waufupi siingaikidwe pa citsa kuti ilasidwe, cotero iyo yomweyo ndiyo imasanduka mubvi, niponyedwa pa maatomu opepuka monga hydrogen kapena helium. Bvuto ndi lakuti mibviyo ndi yocepa. Maatomu wamba amatuluka m'makina miyandamiyanda pa sekondi, koma acilendowa nthawi zina amatuluka mazana kapena zikwi zocepa cabe. Candamale cikakhala copyapyala, pafupifupi onse amangopyola osagunda kanthu. Cikakhala cocindikala, zidutswa zotuluka pa kugundanako zimakanirira m'kati mwake osaoneka.

Mpweya ndiwo unathetsa bvutoli, koma panafunika nzeru ziwiri zoyamba. Mu 1968, ku CERN, Georges Charpak anaika mawaya ambirimbiri m'bokosi limodzi la mpweya, kotero kuti waya imene yalandira ma electron imanena malo amene kacidutswa kadutsa. Analandira mphotho ya Nobel mu 1992. Mu 1974, ku Berkeley, David Nygren anaonjezapo kupima nthawi. Anthu a m'midzi adziwa kuti mphezi ikang'anima ndipo kugunda kwake kukacedwa kumveka, ndiye kuti yagwa kutali. Momwemonso ma electron othotholedwa pafupi ndi khoma la bokosi amafika msanga, ndipo a kutali amafika mocedwa. Kompyuta ikaphatikiza malo ndi nthawi imajambula njira yonse ya kacidutswa, m'litali, m'lifupi ndi m'kuya kwake.

Nzeru yomaliza inali yodzaza bokosilo ndi mpweya umene maatomu ake ndiwo afunika kulasidwa. Motero mpweya womwewo ndiwo candamale, ndiwonso mboni. Atomu yacilendo imalowa m'bokosi nisiya mzere wa mapazi, ndipo pamene yagunda atomu ya mpweya mzerewo umacita mphanda. Kutalika ndi kupendekeka kwa nthambi za mphandayo kumauza akatswiri mtundu wa zidutswa ndi mphamvu yake. Ciwiya cotere ca ku Michigan, cochedwa AT-TPC, ndi mgolo wotalika mita imodzi wokhala ndi timaso ta magetsi 10,240 kumapeto kwake. Ca ku GANIL, cochedwa ACTAR TPC, ciri nato 16,384.

Ciwiya cakale ca ku GANIL, dzina lake MAYA, cinanyamulidwa kupita ku TRIUMF kukakumana ndi lithium-11. M'zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2008, Tanihata ndi anzake anaona proton ya mumpweya iri kukwatula ma neutron awiri aja nthawi imodzi, ndipo ici cinaonetsa kuti awiriwo amayenda mogwirizana kwambiri. Patapita zaka 23 kucokera pamene anaona kukula kwa atomuyo, mpweya unamuonetsa makhalidwe a m'kati mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZIKHUDZA BWANJI ZAMBIA

Wina akhoza kufunsa kuti mlimi wa ku Nyimba apindulanji ndi atomu yosakhala sekondi. Coyamba, cuma ca pansi pa nthaka ya dziko lino cinadzera njira imeneyo. Mkuwa unapangidwa m'nyenyezi zazikulu dziko lapansi lisanakhaleko. Golide ndi uranium zinapangidwa pa kuphulika koopsa kumene maatomu anameza ma neutron ambiri mofulumira, nasanduka maatomu a moyo waufupi, amene pambuyo pake anakhazikika. Pa 17 August 2017 akatswiri anaona kugundana kwa nyenyezi ziwiri zakufa, ndipo kuwala kwake kunaonetsa zizindikiro za zitsulo zolemera zongopangidwa kumene. Uranium amene anakumbidwa pa mgodi wa Mindola ku Kitwe cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndi amene apezeka m'miyala ya ku Siavonga, Chirundu ndi Lumwana, ndi mdzukulu wa maatomu onga amene apimidwa m'mabokosi a mpweya aja.

Caciwiri, dziko lokhala ndi uranium m'nthaka, makina a ceza m'zipatala ndi migodi yambiri liyenera kukhala ndi ana ake odziwa kupima. Basi yocokera ku Chipata polowa m'Lusaka imadutsa pafupi ndi malo awiri amene nzeruzi ziphunziridwa. Ca ku Chelstone, pa msewu wa ku bwalo la ndeke, pali bungwe lofufuzafufuza la NISIR, limene linayamba mu 1967 ndi dzina lakuti National Council for Scientific Research. Patsogolo pang'ono, pa Great East Road pomwepo, pali University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966 ndipo iphunzitsa physics. Dziko la Zambia linalowa m'bungwe la maiko onse loona za mphamvu ya atomu, la IAEA, mu 1969, ndipo bungweli linathandiza kuphunzitsa anchito a cipatala ca khansa. Mu May 2018 Boma linasainirana pangano ndi kampani ya ku Russia ya Rosatom lomanga malo ofufuzira za atomu ku Chongwe. Ku South Africa, pafupi ndi Cape Town, kuli iThemba LABS, kumene kuli makina akuluakulu othamangitsa maatomu ndipo kuphunzira acinyamata a m'maiko a mu Africa.

Nyumba ndi makina zigulidwa ndi ndalama, koma munthu wodziwa kuti nambala ya pa ciwiya iyenera kukonzedwa cifukwa ca mpweya wa Lusaka sagulidwa pa sitolo. Amacokera m'kalasi la masamu ndi sayansi, kaya ku Kabulonga, ku Chizongwe, ku Chassa kapena pa sukulu ya kumudzi yofoleredwa ndi udzu. Makolo amene ali ndi mwana wokonda masamu, mnyamata kapena mtsikana, amlimbikitse ndipo asamcotse pa sukulu cifukwa ca ukwati kapena ubusa wa ng'ombe. Cipatala ca khansa, migodi ndi malire a dziko zifuna anthu otere, ndipo odwala a m'midzi ndiwo oyamba kupindula akapezeka.